Ana a njuchi akufera m'zisa koma zazikulu zili bwinobwino

Wa ming'oma 8: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. M'ming'oma itatu ana akufera m'zisa, mphutsi zija m'malo moyera mbee zikuoneka zotuwa ndipo njuchi zikuzitaya pakhomo m'mawa uliwonse, koma zazikuluzo zikuuluka bwinobwino, mfumukazinso ikuikira ngati kale. Chavuta nchani?

Gogo wa njuchi: Tengani kamtengo ka machesi mubaye mphutsi yakufayo nkukoka pang'onopang'ono. Ikatamuka ngati ulimbo mpaka 2 kapena 3 cm ndiye kuti ndi American foulbrood, matenda owoletsa ana a njuchi. Fungo likumveka?

Wa ming'oma 8: Ndayesa agogo, sikutamuka, fungonso palibe. Kungoti munda wa zipatso wapafupi anapopera masabata awiri apitawo maluwa ali mbwee, koma njuchi zakufa pansi sindinazione ndiye sindinaziganizire.

Mayi mlangizi: Pamenepo mpomwe pali nkhani achimwene. Mankhwala ena sapha njuchi zazikulu ayi, monga diflubenzuron kapena novaluron, ntchito yake nkulepheretsa kachilombo kufundula, tsono yaikulu inamaliza kale kufundula koma mwana amafundula kasanu ndi kamodzi asanatuluke tsiku la 21. Njuchi zimatuta mungu wopoperedwawo nkusunga m'zisa, zolera ana zimadya womwewo, ndipo mphutsi ikapitirira masiku 3 chakudya chake chimasakanizidwa ndi mungu ndi uchi. Kamphutsi kamadya masiku 6 okha koma kamakula kuposa ka 1,000, ndiye poizoni pang'ono pomwe kwa iko ndi wambiri. Ngakhale mankhwala a chiwawu ngati chlorothalonil, omwe anthu amati alibe vuto pa njuchi, ana amawapweteka.

Mnyamata wa phula: Komanso mukuzipatsa madzi a shuga? Ine ndinkawiritsa mpaka kufiira nkuthiramo ndimu ati zisavunde kkkk kumeneko nkupanga HMF, poizoni weniweni wa njuchi wotuluka mu shuga wotenthedwa. Pano ndimangosungunula shuga woyera m'madzi ofunda basi.

Wa ming'oma 8: Shuga sindinapereke chaka chino. Ndiye ndisamutse ming'omayo?

Mayi mlangizi: Kusamutsa kokha sikuthandiza chifukwa poizoniyo mupita naye, ali m'zisa za mungu. Chotsani zisa zonse zomwe zadzaza mungu watsopano, osazipatsa mng'oma wina, phula lakenso osalibwezera mkati. Kenako tengani chisa cha mungu ndi cha ana otsekeredwa kale ku ming'oma isanu yabwinoyo muike mu itatu yovutayo.

Gogo wa njuchi: Koma muyambe mwaiona bwino isanuyo, njuchi zimafika 3 km mosavuta, mwina nazo zinapitako. Ndipo mukalankhule ndi mwini mundawo mwaulemu, azipopera maluwa akayoyoka kapena madzulo njuchi zitalowa, akuuzeninso dzina lili pa botolo.

Wa ming'oma 8: Chabwino, zisazo ndichotsa mawa m'mawa. Botolo ndikalijambula ndiponya pompano.

Mayi mlangizi: Mujambule mbali yolembedwa timalemba ting'onoting'ono ija, dzina lalikulu lakutsogolo ndi lamalonda chabe. Pakatha masiku 9 mudzaone ngati mazira atsopanowo afika potsekeredwa.