Mayi wa ku Limbe wasumiridwa ku Ahmedabad, ndalama ya loya alibe

Chikondi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Dzulo kwabwera mayi wina muofesi mwathu mwa maloya, Mhindu, wobadwira konkuno ku Limbe koma anakwatiwa ku Gujarat, ku India, mu 2016 mwamwambo wawo, ukwati n'kulembetsa komweko. Zinthu zitavuta chaka chatha anabwerera kwa makolo awo ndi mwana wa zaka zisanu. Tsopano alandira samani yoti mwamuna wasuma ku Family Court (khoti la za mabanja) ya ku Ahmedabad, mzinda wa ku Gujarat komweko, akufuna banja lithe. Mapepala anabwera nawo mu jumbo, ena atanyowa ndi mvula. Funso lawo ndi limodzi basi: akadziteteza bwanji kumeneko pomwe ngakhale tikiti ya ndege sangaikwanitse? Bambo awo ali ndi shopu ya hadiweya ndipo amawapatsa K250,000 pamwezi chifukwa amathandiza kulemba mabuku a shopuyo. Ndiyambire pati?

A Mwale:
Bwanji osangotsegula mlandu kuno pansi pa Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015? Mayiwo ali pano, mwana ali pano.

A Gondwe:
A Mwale, mayiwo ali pano koma malipiro a mwamunayo, akaunti yake ndi nyumba zili ku Gujarat. Mungapeze chigamulo chabwino ku Blantyre n'kumangochiyang'ana mu fayilo. Komanso mlandu wa uko sudikira, akapanda kuyankha ukhoza kugamulidwa iwo kulibe.

Chikondi, ine ndinaphunzira ku Pune, ku India konko, ndiye izi ndinazionako. Chimene mukufuna chili mu gawo 24 la Hindu Marriage Act ya 1955. Mlandu uliwonse wa pansi pa lamuloli ukakhala kuti uli mkati, mkazi kapena mwamuna amene alibe ndalama zakezake zokwanira kudzisamalira ndi kulipirira mlanduwo angapemphe khoti kuti mnzakeyo apereke zinthu ziwiri: ndalama ya mwezi ndi mwezi mpaka mlandu utatha, ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Zilibe kanthu kuti wasuma ndani, mayiwa ngakhale ndi oyankha ali ndi ufulu wopempha. Mu pempholo alembemo ya loya, ya ulendo ndi ya malo ogona akapita kukhoti, osangoti "zoyendetsera mlandu" n'kusiya jaji aganize yekha. Za mwana zili ndi gawo lake, 26, aziike limodzi.

Inuyo simungaime m'khoti la ku India, Advocates Act ya 1961 siilola. Pezani advocate (loya wovomerezeka kumeneko) wa ku Gujarat, inu mukhale wokonza mapepala kuno.

Chikondi:
Zikomo a Gondwe. Nanga K250,000 ija? Mayiwa akuti tisaitchule, akuopa kuti loya wa mwamuna adzati ali pantchito. Ali ndi digiri ya accounting kale, ndiye akuona ngati zonse zikuwatsutsa.

A Mwale:
Imeneyo ndi ndalama ya sopo ya bambo kwa mwana wake, si salare. Ine sindingailembe.

Mayi Chirwa:
Ayi ndithu a Mwale, pamenepo muwalowetsa mayiwa m'dzenje. Ilembeni, ndipo mulembe momwe ilili.

Kuyambira pa mlandu wa Rajnesh v. Neha, womwe Supreme Court ya India inagamula mu November 2020, mbali zonse ziwiri zimapereka afidaviti (kalata yolumbirira) yoonetsa chuma ndi ngongole zawo pa mlandu uliwonse wa chisamaliro. Fomu yake ilipo kale, anaiphatikiza ku chigamulocho, ndipo imafuna masitetimenti a ku banki a zaka zitatu. Ndalama ikamalowa mu akaunti mwezi uliwonse tsiku lomwelomwelo, jaji aiona ngakhale inu musaitchule. Akakagwidwa kuti anabisa atalumbira, mlandu wa kunama m'khoti ukhoza kuwatsatira, komanso jaji sadzakhulupiriranso china chilichonse chimene anena pa za mwamunayo. Pomwe ifeyo tikufuna kuti afidaviti imeneyi ifinye mwamunayo, aonetse zake zonse.

Ndipo sindikuona choopa. Lamulo silikunena kuti wopempha akhale wopanda ngakhale tambala, likunena za ndalama zosakwanira. Khoti limayang'ana mmene banjalo linkakhalira ali limodzi. Pa mlandu wa Manish Jain v. Akanksha Jain mu 2017, Supreme Court inati kuphunzira kwa mkazi si chifukwa chomumanira chisamaliro, ndipo chuma cha makolo ake sichilowa m'nkhaniyi. Ndiye shopu ya hadiweya ndi ya bambo awo, isawasowetse tulo. K250,000 muisinthe kukhala ma rupee pa mtengo wa tsiku lolumbira, pambali pake muike fizi ya mwana, mankhwala, chakudya ndi mtengo wa tikiti. Manambalawo adziyankhulira okha.

A Gondwe:
Mayi Chirwa anena zoona. Ndiwonjezere chimodzi chimene chimapweteka anthu ambiri. Chigamulo cha Rajnesh chinati chisamaliro chiziwerengedwa kuyambira tsiku limene pempho linaperekedwa, osati tsiku limene jaji wagamula. Choncho mwezi uliwonse umene mapepala akugona pa desiki panu ndi ndalama imene mayiwa akutaya. Lamulo linasinthidwa mu 2001 kuti pempho lotere lithe pasanathe masiku 60 kuchokera pomwe winayo walandira chidziwitso, koma pali mawu oti ngati n'kotheka, ndiye mukudziwa mmene makhoti amawerengera mawu otero. Muwauziretu kuti zingatenge miyezi, asadzakuoneni ngati mwawanamiza.

Chikondi:
Nanga akalamulidwa koma osalipira? Ndi zimene akuyembekezera, akuti mwamunayo ndi wouma mutu.

Mayi Chirwa:
Gawo 28A la Hindu Marriage Act limalola kuti chigamulocho chikakamizidwe ngati chigamulo china chilichonse cha khoti la milandu ya civil, kulanda katundu kapena kugwira malipiro. Koma pano pali ndodo yabwino kuposa imeneyo: wofuna chisudzulo ndi iyeyo. Makhoti a uko amatha kuimitsa mlandu wake mpaka atalipira zomwe analamulidwa. Munthu wothamangira kumasuka amapeza ndalama msanga.

Advocate wanu akhoza kutchulanso gawo 144 la Bharatiya Nagarik Suraksha Sanhita, lomwe linalowa m'malo mwa gawo 125 la Code of Criminal Procedure mu July 2024, kapena lamulo la nkhanza za m'banja la 2005. Njira zimenezo zilipo, koma akapempha kuwiri ayenera kuulula, ndipo khoti limachotsera zomwe zaperekedwa kale. Poti ali kutali chonchi, ine ndingayambe ndi gawo 24 lokha.

A Mwale:
Chabwino, ndagonja pa ya sopo ija. Koma afidavitiyo alumbirira kuti?

A Gondwe:
Advocate atumize fomu ndi power of attorney (kalata yomupatsa mphamvu zowaimira), mayiwa apite nazo ku Indian High Commission (ofesi ya kazembe wa India) ku Lilongwe akasaine pamaso pa ofisala. Atenge pasipoti ndi satifiketi ya ukwati yeniyeni, osati fotokope.

Chikondi:
Ndawaimbira. Avomera kulemba K250,000 ija, ngakhale anayamba akana kawiri. Mawa mmawa tikupita limodzi ku banki kukatenga masitetimenti. A Gondwe, munditumizire kumbali nambala ya advocate amene mukumudziwa ku Ahmedabad, tsiku la khoti pa samani ndi la mwezi wamawa.