Chisanu cha ku Dedza chikundichotsera ulemu m'nyumba, ndithandizeni nzeru

Membala wobisa dzina

A Admin, chonde ndibiseni dzina. Ndine bambo wa zaka 36, ndili pabanja ndipo tili ndi ana atatu. Ndimakhala chakuno ku Bembeke, ntchito yanga ndi kabaza wa njinga yamoto. Ndimadzuka kusanache kunyamula amayi a geni opita ndi mbatatesi ndi kabichi kumsewu wa M1, ndipo ndimaweruka kutada. Amene mumaidziwa Dedza mu Juni ndi Julayi sindikuuzani zachilendo. Chifunga chimatseka msewu, mwera ukawomba zala zimauma moti ngakhale kutsegula zipi ya jekete kumavuta.

Chiyambireni kuzizira mu Meyi, ntchito ya kuchipinda ikundikanika. Ndikafika pakhomo chida chimakhala chitafota, chabwerera m'kati, machende nawo akwera m'mwamba. Mtima umafuna ndithu, koma thupi limachedwa kuyankha, ndipo likayankha limagwanso tisanapite patali. Mu Okutobala zimenezi sindizidziwa n'komwe. Chaka chatha zinachitikako pang'ono, koma chaka chino zanyanya.

Chikundipweteka kwambiri ndi cha m'nyumba. Mayi a ana anga ayamba kundikayikira, akuti mphamvu ndikukathera kwa makasitomala amene ndimawakweza. Mulungu ndi mboni, ndilibe chibwenzi. Pano ndimachedwa dala pa siteji kuti ndikawapeze atagona, poopa manyazi, koma kuchedwako n'kumene kukukolezera moto. Anzanga a pa siteji sindingawauze, mawa lomwe adzayamba kundinena kuti ndinagwa mu mpapaya.

Kodi kuzizira kungaphedi mphamvu za mwamuna? Kapena ndi matenda ena? Kapena wina wandimanga? Ndipo mayiwa ndiwayambe bwanji?

Mlimi wa ku Tsangano

Achimwene, simuli nokha. Kuno ku Tsangano madzi a mu ndowa amapweteka mano m'mawa, ndipo amuna ambiri timazidziwa zimenezo kungoti sitinena. Mukaweruka musamathamangire kukagona. Sambani madzi otentha, idyani nsima ikadali yamoto, valani sokosi, dikirani thupi libwerere kaye. Pa njingapo valani mathalauza awiri, mphepo imalowera kumiyendo.

Wa geni pa Lizulu

Tafunani gondolosi akulu, kenako kapu imodzi ya kachasu kuti magazi atenthe. Zikakanika pali timapilisi ta buluu anyamata amagulitsa pamsika.

Namwino

Bambo, ine ndimagwira ntchito ya unamwino, ndiloleni nditalikitseko. Thupi la munthu limalimbikira kusunga kutentha kwa madigiri 37 m'kati. Mukazizidwa, mitsempha ya magazi ya pakhungu, ya m'zala ndi ya kumaliseche imafinyika kuti magazi otentha akhale kumtima, kumapapo ndi kuubongo. N'chifukwa chake chida chimafota. Machende nawo ali ndi minofu yawoyawo imene imawakokera pafupi ndi thupi kukazizira n'kuwamasula kukatentha, popeza umuna umapangidwa bwino pamalo ozizirirapo ndi madigiri 2 kapena 3 poyerekeza ndi thupi. Amenewa si matenda, ndipo simunachepe ayi. Mukafundidwa zonse zimabwerera m'malo mwake.

Kuti chida chidzuke pamafunika magazi ambiri alowemo ndi kukhazikikamo. Tsono taganizani, tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, inu mwakhala pamphepo imeneyo kuyambira mbandakucha, mutakhalira chishalo chimene chimapanikizanso mitsempha ya pansipo, ndipo mwatopa. Thupi lotere silingadzuke msanga.

Koma chimene ndikuchiona chachikulu m'nkhani yanu ndi mantha. Zikakanika kamodzi, ulendo wotsatira mumalowa m'chipinda mtima uli m'mwamba. Mantha amatulutsa m'thupi timadzi totchedwa adrenaline, ndipo adrenaline amafinya mitsempha yomweyo imene mukufuna kuti itseguke. Kuzizira kunangoyambitsa, amene akupitiriza tsopano ndi manthawo. Palibe amene wakumangani.

Dziyeseni chonchi: pakati pa usiku kapena m'mamawa, mutafunda bulangete, chimadzuka chokha? Ngati chimatero, nthawi zambiri mitsempha imakhala ili bwino ndipo vuto ndi kutopa, kuzizidwa ndi maganizo. Ngati papita miyezi chosadzuka ngakhale muli m'tulo, kayezetseni shuga ndi BP. Matenda awiriwa amawononga mitsempha mwakachetechete, ndipo kwa amuna ena kufooka kuchipinda n'kumene kumayamba kuonekera mtima usanayambe kuvuta. Fodya amachitanso chimodzimodzi.

Za kachasu ndikukana kwamtuwagalu. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, ndiye mumamva kufunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi, komanso umagonetsa mitsempha yomvera. Kwa munthu woyendetsa njinga m'chifunga ndiye sindinena. Timapilisi ta buluuto, ngati ndi tenitenidi, ndi sildenafil. Amagwira ntchito, koma munthu amene akumwa mankhwala a mtima a gulu la nitrate akamwa, BP imatha kutsika mpaka kukomoka kapena kufa. Za pamsikazo simudziwanso chimene chili m'katimo. Ngati afunika, akulembereni ndi a dokotala atakuyezani. Gondolosi anthu amatafuna kuyambira kale, koma sangachize shuga ngati ndiye gwero.

Chomaliza kwa amuna nonse muno, makamaka anyamata: tchende likayamba kupweteka mwadzidzidzi ndi kutupa, musadikire kuti kuche poganiza kuti ndi chisanu. Limatha kukhala litapotokola, ndipo pakadutsa maola 6 kulipulumutsa kumavuta.

Mayi wa ku Ntcheu boma

Achimwene, ndilankhule ngati mkazi. Mlamu wangayo sakudandaula za chida ayi, akudandaula kuti mwamuna wake wasintha ndipo sakumuuza chifukwa. Mwamuna akayamba kubwera usiku, n'kufika kutembenukira kukhoma osakugwira ngakhale dzanja, ife timangoganiza chimodzi basi. Zinandichitikirapo, ndinalira nyengo yonse yozizira, pamene amuna anga anali kungochita manyazi. Atandiuza ndinakwiya kuti anandibisiranji, kenako ndinayamba kuwatelekera madzi ndisanawaone n'komwe pakhomo.

Musawauze muli pabedi. Auzeni masana ana kulibe, mwina Lamlungu mukachoka ku tchalitchi. Nenani mosazungulira kuti "mayi, thupi langa likumavuta ndikazizidwa, ndimachita manyazi, n'chifukwa chake ndimachedwa." Ndipo siyani kuchedwako lero lomwe. Si lamulonso kuti zonse zizichitika usiku mutatopa. Pali masana dzuwa litatuluka, pali kungofunda limodzi n'kumacheza popanda kukakamiza thupi.

Mkulu wina wa ku Linthipe

Mwana wanga, mutu umodzi susenza denga, wachita bwino kufunsa. Kwa asing'anga usapite, ukangotayako ndalama za petulo n'kubwerako ukudana ndi abale ako. Ngati mayi sakukumvetsa, ankhoswe alipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi. Koma ndikuchenjeze chimodzi, poti ena akuuza kuti utenthetse chipinda. Usagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Mpweya wake sununkha, umangokugonetsa, ndipo mabanja athunthu apezekapo atafa m'mawa. Wotha moto panja kapena zenera lili pululu, ukamakagona uitulutse.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse, makamaka a namwino ndi achemwali a ku Ntcheu. Mawu anu andikhudza chifukwa kutembenukira kukhomako ndi zimene ndikuchitadi. A namwino, m'mamawa chimadzuka koma osati masiku onse ngati kale. Fodya ndimasuta ndikazizidwa pa siteji. China, bambo anga ondibereka anadwala shuga, ndipo ine masiku ano ndikukodza pafupipafupi usiku. Kodi nakonso n'kuzizira?

Namwino

Kuzizira kumachititsadi munthu kukodza pafupipafupi, chifukwa magazi akasonkhana m'kati impso zimatulutsa madzi ambiri. Koma poti bambo anu anali ndi shuga, musangoganizira. Ngati mukumvanso ludzu losatha kapena mukuonda, ndiye musachedwe n'komwe. Pitani ku chipatala cha boma ku Dedza kapena ku health centre yapafupi m'mawa musanadye kanthu, mutenge buku lanu la kuchipatala, mukapemphe kuyezedwa shuga ndi BP. Poyeza shuga amangobaya chala, zotsatira mumamva pomwepo. Mukalowa kwa a dokotala mukanene vuto lenilenilo monga mwalembera muno, musakanene kuti mutu ukupweteka. Ngati mayi angalole, pitani nawo limodzi akamve okha.