Za matayala a Ninja 400 aja, ndabwera ndi yankho

Mwezi watha ndinafunsa kuti ndiike matayala otani pa njinga yanga yamoto ya Ninja 400 popita kukathamanga ku bwalo la mipikisano la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria: osalala opanda mizere aja, kapena a pamsewu ogwira bwino. Ambiri munati osalalawo ndiwasiye, ndipo ndakumverani. Amafuna zofunditsa zamagetsi kuti atenthe usanalowe m'bwalo, ndipo ine wongoyamba kumene, pa njinga yopepuka chonchi, sindingawasunge otentha. Akazizira amaterera ngati matope a ku Mtandire mvula ikagwa.

Ndagula a pamsewu aja, Bridgestone S22, a saizi 110/70 kutsogolo, 150/60 kumbuyo, onse a malimu a mainchesi 17.

Achimwene amene munandiuza kuti ndiziwerenga manambala anayi a m'mbali mwa tayala, zikomo kwambiri. Pashopu ina kuno ku Lilongwe anandionetsa tayala lonyezimira bwinobwino, mtengo wotsikirako, koma m'mbali munalembedwa 1419, kutanthauza kuti linapangidwa sabata ya 14 ya chaka cha 2019. Nditalidina ndi chala, raba yake gwa! Ndinalisiya pompo, mwini shopu akundinyengerera.

Mpweya ndiyamba ndi wocheperako kuposa wa pamsewu, poti tayala likatentha mpweya umakwera. Geji ndagula yangayanga, za pafilingi siteshoni sindizikhulupirira. Panopa ndikuwayendetsa pang'onopang'ono m'mamawa mumsewu wa ku Mchinji kuti kunyezimira kwa utsopano kuchoke.