Kagalimoto kopepuka kangaphe bwanji kasinja wa matani 40?

Msodzi_wa_Malombe:
Abale ndithandizeni apa. Dzulo tinakangana pa bawo kuseri kwa msika mpaka masewera anaima, nkhani yake ya tigalimoto tankhondo topepuka tija ta matayala tonyamula mizinga pamsana. Mnzanga akuti kagalimoto koteroko kamaphulitsa kasinja kali kutali makilomita asanu, wa mukasinjayo osadziwa n'komwe kuti moto wachokera kuti. Ine ndikukana ndithu. Kasinja chitsulo chake n'chochindikala, nde kanthu kopepuka kangamutani? Komanso ngati zili zoona mayiko amaonongeranji ndalama kugula akasinja? Odziwa zinthu fotokozani, mzingawo umadziwa bwanji kolowera?

Madala_a_ku_Monkey_Bay:
Achimwene, mnzanuyo sakunama ayi. Inu mukuyang'ana galimoto, pomwe nkhani ili pa mzinga. Mukaiona mfuti ya Hotchkiss ija ya sitima ya Guendolen ili pafupi ndi koloko ya Queen Victoria apo pa boma pa Mangochi, imeneyo chipolopolo chikatuluka basi chapita, ukaphonya waphonya. Mizinga iyi ndi ina, imakonzedwa njira ili m'malere. TOW wa ku America, yemwe anayamba ntchito mu 1970, amauluka akumasula waya wowonda kumbuyo kwake, msilikali amangoika kasinja pakati pa kamtanda ka m'galasi loyang'anira osasuntha, makina n'kumatumiza malamulo kudzera pawayapo, kumanja pang'ono, m'mwamba pang'ono, mpaka mamita 3,750. Kornet wa ku Russia alibe waya, amatsata kuwala kwa laser ndipo amafika makilomita 5.5.

Pa chitsulo chochindikalacho, mzinga sudalira liwiro. Kumutu kwake kuli wonga wowumbidwa mozungulira kafanulo ka kopa, ukaphulika kopayo amafinyika n'kukhala kamsonga kowonda kothamanga koopsa, kuboola kabowo kakang'ono koma m'katimo mumalowa moto ndi zidutswa, zikakhudza zipolopolo za kasinja yemweyo ndiye zatha. N'chifukwa chake sipafunika chimfuti chachikulu cholemera, galimoto yaing'ono imakwanitsa.

Ndipo musapite kutali, kuno ku Africa komwe zinachitika. Mu 1987 ku Angola, pa mtsinje wa Lomba, asilikali a South Africa anabwera ndi galimoto yankhondo ya Ratel ya matayala 6 yonyamula mizinga ya ZT3, n'kuphulitsa akasinja a Angola opangidwa ku Soviet Union.

Anyamata_a_Kabaza:
Madala mwaiwala ya ku Chad kkkk. Chaka chomwecho cha 1987 anyamata a Hissène Habré, mtsogoleri wa Chad nthawi imeneyo, anathamangitsa asilikali a Gaddafi wa ku Libya ndi ma Toyota enieni, ma pikapu opanda chitsulo chilichonse chodzitetezera, kumbuyo atamangako mizinga ya MILAN yomwe anapatsidwa ndi France. Pa Fada mu January akasinja a Libya anapsa ambirimbiri mpaka nkhondoyo anthu amangoitchula kuti ya Toyota. MILAN yo ndi ya makilomita awiri okha koma inakwana. Ine ndimati kasinja nthawi yake inatha basi, ndi bokosi lamaliro loyenda lokha.

Mphunzitsi_wa_ku_Namwera:
Aise wa kabaza dekha kaye, usamuike m'manda kasinja asanafe. Ku Chad ndi chipululu, umaona mpaka komwe maso alekezera ndipo pikapu imathamanga paliponse. Tabwera nayo galimoto yakoyo kuno, ukwere Chowe kulowera ku Namwera mpaka Chiponde, undiuze malo angati omwe ungaone makilomita asanu popanda phiri, mitengo kapena mudzi kutsogolo. Mzinga wa makilomita asanu uli ndi phindu ngati ukumuona mdani pa makilomita asanuwo. Mukakumanizana pakona pa mamita 500, kasinja amaombera kamodzi kagalimoto kaja n'kusanduka zitsulo zogulitsa pa sikelo, chifukwa chitsulo chake chimangotchinga zipolopolo za mfuti wamba ndi zidutswa za mabomba, osati za kasinja.

Chinanso anthu saganizira ndi nthawi. Chipolopolo cha kasinja chimadutsa kilomita imodzi sekondi isanathe, pomwe TOW kuti afike kumapeto kwa mtunda wake amatenga masekondi pafupifupi 20, ndipo nthawi yonseyo galimoto yaima, woombera diso lili pagalasi, fumbi ndi utsi wa poombera zaulula kale pomwe ali. Tawerengani mpaka 20 mumtima muone kutalika kwake. Mu 1973 Egypt inawakhaulitsa a Israel ndi mizinga ya Sagger masiku oyamba a nkhondo, mizinga yoongolera ndi kandodo ka m'manja, koma a Israel anaphunzira msanga, akangoona mzinga ukubwera ankakhotakhota uku akuthira zipolopolo komwe wachokera kuti woongolerayo adzidzimuke, dzanja likangogwedera mzinga unkalasa dothi. Masiku ano ena mwa akasinja awo a Merkava ali ndi Trophy, makina omwe amaona mzinga ndi radar n'kuuphulitsa usanafike.

Komanso inu a kunyanja dziwani kuti ya waya ija simakonda kuomberedwa pamwamba pa madzi ataliatali, waya akagwera m'madzi malamulo amasokonekera.

Msodzi_wa_Malombe:
Eee aphunzitsi, nde ine ndi mnzanga uja tigawana pakati eti? Koma funso langa lina likadalipo, ngati kagalimotoko n'kosalimba chonchi amakaguliranji?

Madala_a_ku_Monkey_Bay:
Ayi achimwene musazembe, mnzanuyo mumugulire tiyi. Zomwe anena aphunzitsi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake galimoto imeneyi sapita nayo kutsogolo ngati kasinja. Ntchito yake ndi kubisala kuseri kwa chitunda, kutulutsa mutu wokha, kuombera umodzi kapena iwiri, kenako kubwerera m'mbuyo msanga kukabisala pena. Wouma mutu wofuna kuonerera kasinja akupsa ndi amene amafa.

Amaigula chifukwa cha kulemera ndi thumba. Kasinja wa T-55 ndi matani 36, Abrams wa ku America amapitirira 60, nde taganizani timilatho ta m'misewu yathu ya fumbi nthawi ya dzinja, mafuta omwe chimamwa, ndi chilole chomunyamulira poti kasinja sayenda yekha ulendo wautali, matcheni amatha. Ya matayala imadziyendera pa tala ngati lole, makaniko amaimvetsa, ndipo zina n'zazing'ono zedi, Wiesel ya ku Germany yonyamula mizinga, ngakhale ili ya matcheni, ndi matani atatu okha, imanyamulidwa ndi helikopita.

Vuto la masekondi 20 lija ena analichepetsa. Mzinga wa Javelin ukangomulozetsa n'kuombera amadzipitira yekha, amakwera m'mwamba n'kugwera padenga pa kasinja pomwe chitsulo n'chopyapyala, iwe wathawa kale. Wina wotchedwa Spike NLOS wa kampani ya Rafael ya ku Israel ndiye amafika makilomita 25 kapena kuposa, ali ndi kamera kumphuno, woombera amaonera pa sikirini ali kuseri kwa phiri. Koma pamenepo pamafunika wina woti amuuze kaye kuti kasinja ali pati, drone (kandege kopanda munthu m'kati) kapena azondi, apo ayi mzinga wodulawo ungokhala m'bokosi.

Anyamata_a_Kabaza:
Drone yomweyo ku Ukraine ikusaka onse, kasinja ndi kagalimoto komwe, mpaka akuwotcherera mawaya ngati khola la nkhuku pamwamba pa galimoto kkkk. Aphunzitsi ya pa Chowe ija ndavomera, koma munditsitsire kuchigwa cha ku Malombe chilimwe udzu utapsa, Toyota yanga sindisiya.