Ndabwererako kwa adokotala a mankhwala achitchaina aja

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake ine ndi mnzanga kuno ku Guangzhou, ku China, tinapatsidwa mankhwala osiyana pomwe tonse timadandaula za kusowa tulo. Lachiwiri ndinabwererako ndipo adokotala anandifotokozera.

Iwo sayambira pa dzina la matenda. Amapima poyang'ana, pomvetsera mawu ndi fungo, pofunsa, komanso pogwira mtsempha. Lilime ndiye amaliyang'anitsitsa, mtundu wake ndi zoyera zapamwamba pake. Pamkono amaika zala zitatu, manja onse awiri, kuti amve ngati mtsempha ukugunda mothamanga, pansi kwambiri, kapena mowonda ngati ulusi.

Lilime langa linali lofiira, louma, ndipo ndimatuluka thukuta usiku, ndiye anati yin, mphamvu yomwe iwo amati imaziziritsa ndi kunyowetsa thupi, yachepa. La mnzanga n'lotuwa, chakudya sachifuna, amatopa msanga. Kwa iye adokotala akuti magazi ndi qi, mphamvu yomwe amati imayendetsa thupi, ndizo zachepa. N'chifukwa chake mankhwala athu anasiyana. Ulendo uno anachotsamo muzu umodzi m'mankhwala anga ataona kuti lilime lasintha.

Chomwe chandidetsa nkhawa n'chakuti mnzangayu amamwa warfarin, mankhwala akuchipatala ochepetsa kuundana kwa magazi, ndipo m'mankhwala ake achitchaina muli muzu wotchedwa danggui, womwe ukaphatikizana ndi warfarin magazi amatha kuvuta kuundana. Ndamuchonderera kuti akaonetse adokotala akuchipatala asanapitirize kumwa.