Kodi majini (genes) a mitengo ya kumadera otentha amadziwa bwanji nthawi yochita maluwa?

Akuluakulu nonse odziwa za sayansi ya zomera, ndikupempha thandizo lanu pa nkhani imene yandivuta kumvetsa.

Mu 1936, katswiri wa zomera Mikhail Chailakhyan ananena kuti masamba amatumiza uthenga wouza chomera kuti chichite maluwa, ndipo kafukufuku wa mu 2007 anaonetsa kuti uthengawo ndi puloteni yochokera ku jini (malangizo a chibadwa amene ali m'maselo) yotchedwa FT, ndipo puloteniyo imayenda m'mitsempha ya chomera kuchoka m'masamba kukafika kunsonga kwa nthambi. Zambiri mwa izi zinadziwika pofufuza kachomera ka Arabidopsis, kamene FT yake imayamba kugwira ntchito usana ukatalika. Komatu pafupi ndi equator (mzere wongoganizira wozungulira pakati pa dziko lapansi) usana sutalika kapena kufupika kwenikweni chaka chonse, choncho mitengo ya kumeneko iyenera kuti imadalira zizindikiro zina.

Mango amachita maluwa kukazizira, khofi amamasula maluwa mvula ikagwa pambuyo pa chilimwe, pomwe mitengo ya Shorea ya pa chilumba cha Borneo ku Asia imatha zaka zingapo isanachite maluwa yonse pamodzi. Kodi kuzizira ndi kusowa kwa madzi zimadzutsa FT mwachindunji, kapena zimayamba zafooketsa majini oletsa maluwa monga TFL1?

Chimene ndikufunitsitsa kumvetsa ndi cha mango, chifukwa mtengo ukabereka kwambiri chaka chino, nthawi zambiri chaka chamawa umabereka pang'ono. Ena amati chakudya cha mumtengo chimakhala chatha, koma ine ndikuona kuti yankho limeneli palokha ndi losakwanira. Kodi zipatsozo zimatumiza uthenga woletsa FT? Ngati alipo amene anafufuzapo zimenezi pa mitengo ikuluikulu, chonde andifotokozere mmene anayezera ntchito ya majiniwa.