Tigule makalikyuleta kapena titole zitsekerero?

Wapampando: Abale, zopereka za chaka chino zakwana. Komiti ikufuna kugulira ana a pulaimale yakwathu makalikyuleta. Tiyankhulepo lisanafike Loweruka.

Aphunzitsi opuma, Chitakale: Apampando, ine ndikukana. Ndamera imvi ndikuphunzitsa Sitandade 2. Mwana amabadwa akutha kale kusiyanitsa zambiri ndi zochepa. Muikireni mango atatu, angoona n'kudziwa osawerenga. Akapitirira anayi, ayamba kuloza ndi chala. Masamu amamera pamenepo, pa zala ndi pa zinthu zogwirika. Chinenero chathu chomwe chimawerenga ndi dzanja: 7 timati zisanu ndi ziwiri. Koma ana timawaimbitsa "sikisi, seveni" osawaonetsa kuti mu 7 muli 5 ndi 2. Tisemetse mabawo, titole zitsekerero za mabotolo, yotsalayo tizipereka kangachepe kwa wowathandiza masana.

Wa ku Joni: Madala, ndikulemekeza imvi zanuzo, koma ine ndavutikira marandi kuno kuti tikatole zitsekerero? Anthu kumudzi adzaloza chiyani kuti ichi n'chitukuko?

Anamwino, Limbe: Achimwene, adzaloza ana. Ubongo umagwira zinthu zochepa pa nthawi imodzi, pafupifupi zinayi basi, ndipo mantha akalowa amalanda malo omwewo. Ine ndinkakwapulidwa pa matebulo. Kunyumba 7 × 8 ndinkaidziwa bwinobwino, koma ndikaimirira m'kalasi n'kuona ndodo, m'mutu munkangoti zii. Mpaka lero zimandiwawa. Kalikyuleta sikanandichotsera zimenezo.

Make Mphatso, Limbuli: Mayi anga sanalowepo m'kalasi, koma pothyola tiyi ankasunga makilo a sabata yonse pamtima, kalaliki akalakwitsa ankamubweza pomwepo. Pano mwana wanga amagulitsa nanazi osaphonya chenji, koma samu yomweyo pa bolodi imamukanika. Aphunzitsi, vuto lili pati?

Aphunzitsi opuma: Palibe anamulumikizira nanazi ndi chizindikiro cha pa bolodicho, mayi. Ayambe ndi chinthu m'manja, kenako achijambule, nambala ibwere pomaliza. Chiyambire pulaimale yaulere mu 1994 makalasi ndi odzaza, mphunzitsi mmodzi sangafikire aliyense. N'chifukwa chake ndikulimbikira za masana.

Wa ku Joni: Bawo ndiye ndavomera, agogo anandiphunzitsa kuwerengeratu nkhomo ndisanatakate. Koma a Sitandade 8 mayeso a MANEB ali pakhomo. Iwowo tiwatani?

Wapampando: Alembi, funsoli muliyike poyamba Loweruka. Aphunzitsi, mutifunsireko mtengo wa bawo kwa osema.